Ku Busan pa Sitima ya Liwiro

Dziko la South Korea ndi laling'ono ndithu. Mungathe kuliika kasanu ndi kawiri mkati mwa Zambia, komabe mumakhala anthu oposa 51 miliyoni. Likulu lake, Seoul, lili kumpoto cakumadzulo, kufupi ndi malire amene asilikali amalonda usana ndi usiku. Mzinda waciwiri kukula, Busan, uli kumathero a dziko, kummwera cakum'mawa, kumene mapiri amatsetserekera m'nyanja ya mcere. Pakati pa mizinda iwiriyi pali makilomita opitirira pang'ono 400, mtunda wosafika ulendo wa pakati pa Lusaka ndi Livingstone. Sitima ya pamtunda yodziwika ndi dzina lakuti KTX imamaliza mtunda wonsewu m'maola awiri ndi theka, kapena kupitirirako mphindi zowerengeka. Munthu angathe kumwa tiyi wa m'mawa ku Seoul, nakadya nsomba ya masana ku doko la Busan, usiku n'kugona pakama pake.

Sitimayi inayamba kunyamula anthu pa 1 Epulo 2004. Zoyambirira zinapangidwa motsata luso la sitima za ku France zochuka ndi dzina la TGV, koma kuyambira mu 2010 Akoreya akhala akuyendetsanso zopanga okha. Poyamba njanji yatsopano inalekezera ku Daegu, ndipo kucokera pamenepo sitima inali kuyenda mwapang'onopang'ono pa njanji yakale. Cigawo cotsala, codzera ku Gyeongju ndi Ulsan, cinatsegulidwa pa 1 Novembala 2010. Pamalo owongoka sitima imathamanga makilomita 300 pa ola limodzi.

Koma liwiro lonseli lilibe phindu kwa munthu wopanda mpando. Kampani ya boma yoyendetsa njanji, Korail, imayamba kugulitsa matikiti kutatsala mwezi wathunthu kuti ulendo ucitike, ndipo a Lacisanu madzulo, a Loweruka m'mawa ndi a Lamulungu madzulo amatha msanga. Ife tinagula athu pa intaneti tisanakwere ndeke. Tsamba la Korail lili ndi mbali ya Cingelezi. Munthu amasankha siteshoni yonyamukira ndi yotsikira, tsiku ndi ola. Amalemba dzina lake monga lilili m'pasipoti pamodzi ndi keyala ya imelo, nalipira ndi khadi la ku banki. Tikiti imabwera pa foni, ndipo wosakhulupirira foni angathe kuisindikiza papepala. Pa ulendo wathu mpando wamba unali wa 59,800 won, pamene m'mabogi apamwamba, mmene mipando ili itatu pa mzere m'malo mwa inayi, mtengo unali 83,700 won. Pa ulendo waufupi cotere, mpando wamba unatikwanira. Alipo amalonda ena pa intaneti amene masamba ao amaoneka ngati a eni njanji, cikhalireco amangogula tikiti yomweyo ndi kuonjezapo phindu lao. Motero musanalembe nambala ya khadi, yang'anitsitsani ngati tsambalo ndi la Korail lenileni. Palinso ciphaso ca alendo okhaokha, Korail Pass, cololeza munthu kukwera sitima zambiri pa masiku owerengeka. Cimathandiza wofuna kuzungulira dziko lonse, koma wongopita ku Busan ndi kubwerera ayambe wawerengetsa bwino, ndipo adziwe kuti ngakhale ali ndi ciphasoco mpando ayenera kuusungitsabe.

Pali tinthu tina tating'ono timene wogula mothamanga angaphonye. Si KTX iliyonse imene imatsata njanji yatsopano mpaka kumapeto. Zina zimapatukira ku njanji yakale kudzera ku Suwon kapena ku Gupo, ndipo zimatenga maola oposa atatu. Nthawi yofikira yolembedwa pambali pa sitima iliyonse ndiyo imaulula zimenezi. M'sitima zoyambirira zija, zimene zimanyamula anthu oposa 900 m'mabogi 18, theka la mipando wamba linayang'ana kumene sitima icokera ndipo silitembenuzika, cotero amene amamva cizungulire poyenda cafutambuyo asankhe mpando mosamala. Ndiponso mu 2016 kunayambika sitima zina za liwiro, za dzina lakuti SRT, zonyamukira pa Suseo kummwera kwa mzinda. Suseo ndi Seoul Station zinatalikirana kwambiri, ndipo wosokera siteshoni sangakonze colakwaco m'mphindi khumi.

Pali nyengo ziwiri pa caka pamene malangizo onsewa amacepa mphamvu. Yoyamba ndi Seollal, caka catsopano cowerengera mwezi wa kumwamba, cimene cimagwa mu Januwale kapena Febuluwale. Yaciwiri ndi Chuseok, cikondwerero ca masika, cocitika pa tsiku la 15 la mwezi wacisanu ndi citatu m'kawerengedwe komweko, ndiye kuti mu Seputembala kapena kuciyambi kwa Okutobala. Pa masiku amenewa Mkoreya amafunitsitsa kukakhala kwao, kukalambula manda a makolo ndi kukagwadira akuluakulu a banja. Matikiti ake amagulitsidwa pa masiku apadera. Masiku oyamba amapatulidwira okalamba ndi olumala, ndipo otsalawo anthu miyandamiyanda amacita kuwalimbirana pa makompyuta m'mamawa. Mlendo acita bwino kuwasiyira eni dziko masiku amenewo, pakuti iwo ali ndi cifukwa cacikulu coyendera kuposa iye.

Pa Seoul Station cimene cinatidabwitsa n'cakuti palibe cipata cochinga njira, palibenso munthu woboola matikiti. Wapaulendo amangoyang'ana pa bolodi nambala ya sitima yake, natsika masitepe, nafuna bogi ndi mpando zolembedwa pa tikiti. Woyang'anira m'sitima amayenda ndi kamakina kosonyeza mipando imene inagulidwa. Akaona munthu pa mpando wogulidwa amangopitirira osamuvuta. Amafunsa yekhayo amene wakhala pamene makina akuti palibe mwini, ndipo wopezeka wopanda tikiti amalipira cindapusa cowawa. Polowa m'bogi ndi potuluka, woyang'anirayo amatembenuka ndi kuweramira apaulendo, kaya wina akumuona kaya ai. Mkatimo muli bata. Woimbiridwa foni amanyamuka kukayankhira kukhomo. Ndipo za nthawi sacita nazo nthabwala: sitima ya 9 koloko imanyamuka 9 koloko, ndipo pa masiteshoni a m'njira imaima mphindi imodzi kapena ziwiri cabe.

Titaoloka mtsinje wa Han, tinadutsa pakati pa nyumba zosanjikizana zofanana ngati ana a mai mmodzi, iliyonse ndi nambala yaikulu pakhoma. Pambuyo pake tinaona minda ya mpunga, ndiwo za masamba zolimidwa m'misasa ya pulasitiki, ndi timilu tobiriwira ta manda m'mbali mwa mapiri. Koma tikambe zoona, pa liwiro lotere maso sagwira kanthu nthawi yaitali. Dziko ili ndi la mapiri, ndipo njanji siiwazungulira, imawaboola. Kuwala ndi mdima zimangosinthana pa zenera.

Patapita ola limodzi tinaima pa Daejeon, ndipo ambiri okwera pamenepo anali ndi timatumba ta mapepala tofanana, tonunkhira buledi. Timacokera ku nyumba yophika buledi ya Sungsimdang, dzina lotanthauza Mtima Woyera, imene ili ndi sitolo m'siteshoni momwemo. Mbiri yake ndi khomo labwino lolowera m'mbiri ya Busan. Nkhondo ya ku Korea inabuka pa 25 Juni 1950. Mu Disembala caka comweco, asilikali a United Nations pothawa magulu a nkhondo a ku China anasamuka pa zombo kucokera pa doko la Hungnam kumpoto, ndipo anthu wamba pafupifupi 100,000 anapita nao. Combo cimodzi ca katundu, Meredith Victory, cimene cinali ndi malo a apaulendo 12 okha, cinanyamula anthu 14,000 ataima mothithikana m'zipinda za katundu. Cinafika pa Busan pa 24 Disembala, koma mzinda unali utadzaza kale, ndipo cinatumizidwa ku cisumbu ca Geoje kumene cinafika pa tsiku la Khrisimasi. Panjira sipanafe munthu, ndipo panabadwa ana asanu. Woyendetsa comboco, Leonard LaRue, nkhondo itatha analowa m'cipani ca amonke a Benedikito Woyera ku America, nakhala M'bale Marinus kufikira imfa yake mu 2001. Mwa okwera munali bambo wina, Im Gil-sun, ndi banja lake. Mu 1956 banjali linali pa ulendo wa ku Seoul kukafuna nchito pamene sitima inaonongeka pa Daejeon. Wansembe wa pa chalichi ca Daeheung-dong anawapatsa matumba awiri a ufa wa tirigu, ndipo iwo m'malo mongoudya anayamba kuphika timikate ndi kutigulitsa pakhomo pa siteshoni. Kufikira lero buledi wotsala madzulo amapatsidwa kwa osowa.

Tisanafike ku Daegu tinaoloka mtsinje wa Nakdong m'kuphethira kwa diso. M'mwezi wa Ogasiti ndi Seputembala 1950 mtsinje umenewu ndiwo unali malire a kadziko kocepa kamene kanatsala m'manja mwa boma la kummwera. Kwina konse kunali kutalandidwa. Anthu othawa anali kutsika njira yomweyi wapansi, pa ngolo za ng'ombe ndi pa madenga a sitima za katundu, m'masiku ambiri, ena m'milungu.

Kupitirira Ulsan njanji imalowa pansi pa phiri la Cheonseongsan, pamene panabuka mlandu wacilendo. Mai wina wodzipereka wa cipembedzo ca Buddha, Jiyul, poopa kuti mphanga ya njanji idzaumitsa madambo a pamwamba pa phirilo, anasala kudya kangapo, ulendo wina masiku 100, ndipo anzake anakasuma ku khoti m'dzina la tinyama ta m'madzi tooneka ngati abuluzi tokhala m'madambomo. Mu 2006 khoti lalikulu linagamula kuti kanyama sikangasume mlandu, ndipo nchito inapitirira. Apaulendo ambiri amadutsa pamenepo ali m'tulo. Kenaka pamabwera mphanga ina ya makilomita 20 yodzera pansi pa phiri la Geumjeong ndi pansi pa mzinda weniweniwo, ndipo potulukamo sitima imakhala itafika.

Wotuluka pa Busan Station akayang'ana kumbuyo amaona doko, limodzi mwa madoko khumi aakulu a makontena pa dziko lonse lapansi. Akayang'ana kutsogolo amaona nyumba zokwera phiri, ina pamwamba pa inzake, mpaka pafupi ndi nsonga. Mlendo amadzifunsa kuti, kodi ndani angasankhe kumanga pamalo otere? Yankho n'lakuti palibe anasankha. Mu 1949 mzindawu unali ndi anthu osafika theka la miliyoni. Pofika 1955 anali atapitirira miliyoni. Kwa masiku 1,023 a nkhondo Busan ndiye anali likulu la dziko, ndipo nyumba imene Pulezidenti Syngman Rhee anali kukhalamo ilipobe, yosungiramo zakale. Malo athyathyathya a m'mbali mwa nyanja anali ocepa, cotero obwera anakwera mapiri ndi matabwa a mabokosi, malata a zitini ndi makatoni a asilikali, namanga pamene phazi linapeza popondapo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sitima itatifikitsa msanga cotero, mzindawu unafuna kuti tiuyende ndi miyendo, ndipo miyendo inamva.

Sitima ya pansi pa nthaka, mzere woyamba, imacoka pa siteshoni pomwepo kupita ku Jungang, Nampo ndi Jagalchi, kumene kuli mtima wa mzinda wakale. Khadi limodzi la T-money, logulidwa m'tisitolo ta m'misewu, limalipira sitimazi ndi mabasi omwe, ku Seoul ndi kuno. Ku Jungang kuli Masitepe 40, pamene othawa nkhondo anali kukwera ndi mitsuko ya madzi kupita ku zisakasa zao, ndi kukhala pansi kuyang'ana doko ngati kungatulukire nkhope yodziwika. Lero pali zifanizo za mkuwa: mai woyamwitsa mwana, munthu woliza cing'wenyeng'wenye ca mphepo. Masitepewo pa okha si okongola, ndipo wosadziwa mbiri yake angawapitirire osaceuka.

Malo amene anatigwira mtima koposa ndi ulalo wa Yeongdo, wolumikiza mzinda ndi cisumbu ca dzina lomwelo. Unatsegulidwa mu 1934, m'nthawi ya ulamuliro wa Japan, ndipo mbali yake imodzi inali kunyamuka kuti zombo zidutse. Cifukwa ca cozizwitsa cimeneci dzina lake linamveka m'dziko lonse, ngakhale kwa anthu a kumpoto amene sanaonepo Busan. Motero mabanja pothawa anali kupangana kuti, tikatayana m'njira tikakumane pa ulalo wa Yeongdo. Tangoganizani, owerenga athu, bambo wotaya mkazi ndi ana pa cipwirikiti ca pa doko la Hungnam, akubwera pa ulalo umenewu tsiku ndi tsiku kuwerenga timapepala ta maina tomatidwa m'zitsulo zake. Pansi pa ulalo panadzala timisasa ta oombeza ula, ndipo anali kupeza ndalama, pakuti funso la onse linali limodzi: kodi ali moyo? Ena anapezanadi. Ambiri anadikira kufikira tsitsi linacita imvi. Ulalowu unaleka kunyamuka mu 1966, ndipo utamangidwanso unayambanso mu 2013. Tsopano umanyamuka Loweruka pa 2 koloko masana, kwa mphindi 15. Magalimoto amaima, msewu umadzuka cilili pamodzi ndi zithunzi za mbalame za kunyanja zojambulidwa pa phula, ndipo anthu amakweza mafoni ao. Pakati pa khamulo tinaona agogo ena aamuna amene sanajambule kanthu; anangoyang'ana, manja kumbuyo, mpaka msewu unagonanso.

Pafupi pomwepo pali msika wa nsomba wa Jagalchi, waukulu koposa m'dziko lonselo. Eni ake enieni ndi amai, ovala majombo ndi magolovesi a mphira, a mau amphamvu ndi manja acangu. Mwambowu unazika mizu m'zaka za nkhondo, pamene akazi amasiye ndi ena amene amuna ao anasowa anayamba kugulitsa nsomba m'mabeseni pa miyala ya m'mphepete mwa nyanja kuti ana adye. Kwa ife ozolowera kapenta, mpende ndi buka, zamoyo za m'mabeseni amenewa zinali zododometsa: nkhanu zazikulu ngati mbale ya nsima, mikunga yoterera, ndi zina za miyendo isanu ndi itatu zoyesa kukwawa kutuluka m'madzi. Munthu amasankha nsomba yamoyo pansi, nakwera nayo pamwamba pamene amamukonzera, yophika kapena yaiwisi. Ife tinapempha yowocha. Kuoloka msewu kuli msika wa Gukje, umene unakula ndi malonda a katundu wosiyidwa ndi a ku Japan mu 1945 ndi wotuluka m'misasa ya asilikali a America pa nthawi ya nkhondo. Lero mumapezeka ciliconse, kuyambira mapoto mpaka magalasi a maso.

Ngakhale cakudya ca mzindawu cimasimba za kuthawa. Anthu a kumpoto anali ndi cakudya cao cokondedwa, naengmyeon, tizingwe ta ufa tonga supageti todyera mu msuzi wozizira. Ku Busan ufa wa kwao unasowa, koma ufa wa tirigu wa thandizo wocokera ku America unalipo, ndipo anaphika ndi umenewo. Cotulukapo, milmyeon, ndico cakudya cimene mwana wa ku Busan amanyadira lero ngati ca makolo ake. Cinzake ndi dwaeji-gukbap, msuzi wa mafupa a nkhumba wophika maola ambiri, wothiramo mpunga. Ndi cotsika mtengo, cokhutitsa, ndipo pa tsiku lozizira sitinapeze cina cocipambana.

Kucokera pa siteshoni ya Toseong timabasi tating'ono timakwera msewu wokhotakhota kupita ku Gamcheon, mudzi umene zithunzi zake zimakongoletsa mabuku onse a alendo. Unamangidwa mu 1955 ndi otsatira cipembedzo ca Taegeukdo amene anasamutsidwira kumeneko, ndipo anamanga m'mizere yotsata phiri kuti nyumba ya kutsogolo isachinge ya kumbuyo. Mu 2009 amisiri a zojambula anabwera ndi utoto ndi zosema, ndipo mudzi wa amphawi unasanduka malo ocezerako anthu ocokera kutali. Ndi wokongoladi, makamaka dzuwa likapendeka, pamene madenga obiriwira ndi makoma acikasu amatsika ngati makwerero kulinga ku nyanja. Komabe sitinamasuke kwenikweni. M'nyumbazi mukhala anthu, ambiri okalamba, ndipo pa makomo pali zikwangwani zopempha alendo kuti acepetse phokoso ndi kuleka kusuzumira m'mazenera. Acinyamata anali pa mzere wautali kudikira kujambulitsa pambali pa cifanizo cina, pamene gogo wina anali kupuma pa sitepe ndi thumba la kabichi, akudikira kuti njira ya kunyumba kwake itseguke.

Kuseri kwa phiri lomwelo kuli Ami-dong, kumene alendo safikako ambiri. Pamenepa panali manda a anthu a ku Japan. Othawa nkhondo atasowa pogona anamanga pamwamba pa mandawo, ndipo miyala ya ziliza anaisandutsa maziko, masitepe ndi zochingira dothi. Mukayenda m'tinjira take topapatiza mumaona mwala wosema bwino uli m'khoma cam'mbali kapena cadodolido, maina a wakufa akuwerengekabe. Kwa munthu woleredwa m'mwambo woopa manda, zimenezi zimaimitsa tsitsi. Koma eni nyumbazo sanacite mwacipongwe. Ena mwa iwo akhala akuthira nsembe ndi kupempherera eni manda amene anawabwereka malo.

Manda ena, osamalidwa ngati munda wa mfumu, ali ku Daeyeon pa mzere waciwiri wa sitima ya pansi. Ndiwo manda okha a United Nations pa dziko lonse, okhazikitsidwa mu 1951, ndipo mwagona asilikali oposa 2,300. A ku Britain ndi pafupifupi 900, a ku Turkey 462, ndipo a ku South Africa 11. Kamtsinje kena ka m'mundamo kanapatsidwa dzina la mnyamata wa ku Australia amene anafa ali ndi zaka 17. Caka ciliconse pa 11 Novembala, 11 koloko m'mawa, m'maiko amene anatumiza asilikali anthu amapemphedwa kutembenukira ku Busan ndi kukhala cete mphindi imodzi. Kulowa n'kwaulere.

Za Busan watsopano tinene mwacidule, popeza amadzilengeza yekha. Ku Haeundae kuli gombe la mcenga la kilomita ndi theka, lodzaza maambulera m'cilimwe, ndipo kumapeto kwake kwaima nyumba ya nsanjika 101, yotalika mamita 411, yomalizidwa mu 2019. Ulalo wa Gwangan, wa makilomita 7.4, umayaka nyale za mitundumitundu usiku. Pa njanji yakale ya m'mbali mwa nyanja, kucokera ku Mipo kupita ku Songjeong, kuyambira 2020 pamayenda kasitima ka alendo kamene mipando yake inayang'ana ku madzi. Nakonso matikiti ake amatha msanga pa Loweruka. Cakum'mawa kuli kacisi wa Haedong Yonggungsa, womangidwa pa matanthwe omenyedwa ndi mafunde, wofunika kufikako m'mamawa khamu lisanabwere. Ndipo pa matherezi a Taejongdae, kukaca bwino, cisumbu ca Tsushima ca ku Japan cimaoneka patali ngati mtambo. Zonsezi n'zoyenera tsiku limodzi lathunthu.

Cinthu cimodzi cimene mabuku a alendo sakamba n'cakuti mzindawu ukucepa. M'zaka za m'ma 1990 unali ndi anthu pafupifupi 3.8 miliyoni, tsopano ali ngati 3.3 miliyoni, ndipo woposa mmodzi mwa asanu alionse wapitirira zaka 65. M'midzi ya m'mapiri ija nyumba zambiri n'zotseka, udzu ukumera pakhomo. Acinyamata amapita ku Seoul kumene kuli masukulu ochuka ndi nchito, ndipo sitima imene inatibweretsa ife mosavuta ndi yomweyo imene imawatenga iwo mosavuta. Lamulungu madzulo pa Busan Station tinaona makolo akuperekeza ana ao aakuluakulu, atawanyamulitsa zitini za kimchi zokulunga m'nsalu.

Amenewo ali ndi mwai, pakuti pa Chuseok adzalimbirana tikiti ndipo adzabwera. Alipo ena mumzindamu amene kwao kulibe tikiti yake. Nkhondo inaima pa 27 Julayi 1953 ndi pangano loleka kuombana cabe, ndipo malire anatsekeka kufikira lero. Kalata siidutsa, foni siidutsa. Mu 1983 wailesi ya kanema ya KBS inayamba pulogalamu yothandiza otayana kupezana, imene inayembekezeka kutha usiku umodzi koma inapitirira masiku 138, nigwirizanitsanso mabanja oposa 10,000. Koma awa anali otayana mkati mwa dziko la kummwera kapena m'maiko ena. Ofuna abale otsala kumpoto analembetsa ku boma oposa 130,000, ndipo ambiri a iwo anamwalira kale akudikira. Kukumana kotsiriza kololedwa ndi maboma awiriwa kunacitika mu Ogasiti 2018 ku phiri la Kumgang, kwa masiku atatu gulu lililonse.

Njanji yakale yocokera ku Busan, imene inamalizidwa mu 1905, inali kupitirira Seoul mpaka ku Pyongyang ndi ku malire a China. Pa siteshoni ya Dorasan, yotsiriza kummwera, pali cikwangwani cosonyeza kuti ku Seoul ndi makilomita 56, ku Pyongyang 205. Pa liwiro la KTX umenewo ukanakhala ulendo wosakwana ola limodzi. Mu Okutobala 2024 boma la kumpoto linaphulitsa ndi mabomba zigawo za njira zolumikiza maiko awiriwa kumbali yake ya malire. Kufupi ndi Dorasan, pa Imjingak, pali guwa la mwala loyang'ana kumpoto. Pa Seollal ndi pa Chuseok okalamba ocokera kutsidyako amasonkhana pamenepo ndi ana ndi adzukulu ao, amayala zipatso, mikate ya mpunga ndi kapu ya mowa, navula nsapato, nagwada kawiri kulinga kumene kuli manda a makolo ao.